Masekondi ochepa nthaka isanagwedezeke: mmene dziko la Japan limayezera ndi kulengeza zivomezi

Pa 1 Januwale 2024 mabanja ambiri a ku Japan anali kumidzi, poti kumeneko Chaka Chatsopano ndiyo nthawi imene ana a m'tauni amapita kukaona makolo ndi agogo. Itangokwana 4:10 madzulo, mafoni analira pamodzi m'zigawo zambiri za dzikolo, ngakhale aja amene eni ake anali atawatseka mawu. Kulira kwake n'koboola m'khutu, ndipo kumatsatana ndi mawu akuti "Jishin desu", kutanthauza kuti "Ndi chivomezi". Amene anali patali anapeza masekondi angapo olowera pansi pa tebulo. Anthu a ku Noto, dera lolowa m'nyanja ngati chala kumbali yoyang'anana ndi Korea, analibe mwayi umenewo chifukwa nthaka inang'ambikira pansi pa mapazi awo penipeni. Mphamvu ya chivomezicho inali 7.6. Patapita mphindi zochepa, mayi wowerenga nkhani pa kanema wa NHK anasiya mawu ake ofatsa a masiku onse n'kuyamba kufuula, kuuza anthu kuti asiye kuonera kanemayo, athawire kumtunda nthawi yomweyo, asabwererenso kunyumba, poti kunkabwera tsunami, mafunde aakulu a m'nyanja obwera chifukwa cha chivomezi.

Ena mwa oonera anadabwa ndi kukalipako. Koma mayiyo sanachite kusokonezeka mutu. Anachita zimene nyumba youlutsira mawuyo inagwirizana pambuyo pa tsoka la chivomezi ndi tsunami la 2011, itaona kuti mawu odekha anasiya anthu ambiri ali chikhalire m'nyumba madzi akubwera. Nkhani ya zivomezi ku Japan imayenda choncho: pafupifupi makina alionse, lamulo lililonse ngakhale mawu amene amasankhidwa polengeza, anabadwa pambuyo pa maliro.

Choyamba timve chifukwa chake dzikoli siligona. Chigoba cha dziko lapansi chili ngati mphika wosweka umene mapale ake akadagwirana, ndipo mapalewo amayenda pang'onopang'ono. Pafupi ndi Japan pamakumana mapale anayi. Lalikulu, la pansi pa nyanja ya Pacific, limasunthira kumadzulo masentimita 8 kapena 9 pachaka, n'kumalowa pansi pa kumpoto kwa Japan. La nyanja ya Philippines limalowa pansi pa kumwera. Pamene mapale akhudzana sapitirirana bwinobwino. Amakanirirana zaka makumi kapena mazana, mphamvu n'kumaunjikana, mpaka tsiku lina mwala umagonja n'kutereka kamodzin'kamodzi. Boma la Japan limati mwa zivomezi zonse za padziko lapansi za mphamvu ya 6 kupita m'mwamba, pafupifupi chimodzi mwa zisanu zilizonse chimachitikira m'dzikolo kapena m'nyanja zolizungulira. Pachaka wamba anthu amamva zivomezi pafupifupi 2,000, ndipo mu 2011 zinapitirira 10,000. Zing'onozing'ono zimene makina okha ndiwo amazimva zimaposa 100,000 chaka chilichonse.

Akale a kumeneko ankati pansi pa dziko pali mlamba waukulu, namazu, umene mulungu wa ku Kashima anaupanikiza ndi mwala, ndipo akangotayirira mlambawo umaphiriphitha. Sitingawaseke ife amene tili ndi Napolo wathu. Komanso chivomezi si mlendo kwathu kuno, popeza nyanja ya Malawi ili m'chigwa chimene nthaka ya Africa ikung'ambikira. A ku Salima akukumbukira cha mu Malichi 1989, ndipo a ku Karonga anagona panja mu Disembala 2009 nthaka itagwedezeka mobwerezabwereza kwa masabata.

Manambala awiri

Mukamamvera nkhani za ku Japan mudzaona kuti chivomezi chimodzi amachipatsa manambala awiri, ndipo apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Yoyamba ndi magnitude, ija timaimva pa wailesi kuti 6.5 kapena 7.6. Imeneyi imanena kuchuluka kwa mphamvu imene yatuluka pamene mwala wang'ambikira, ndipo chivomezi chilichonse chili ndi imodzi yokha. Kukwera kwake n'konyenga maso: nambala ikakwera ndi 1, mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32, ikakwera ndi 2 ndiye kuti yachuluka ka 1,000.

Yachiwiri, imene mwini dziko amayamba kufunsa, ndi shindo. Tiyerekeze ndi moto. Magnitude ndi kukula kwa motowo, pamene shindo ndi kutentha kumene mukumva pomwe mwakhalapo. Moto waukulu wa kutsidya kwa dambo sungakuwauleni, koma khala limodzi la pamwendo likhoza kukusiyirani bala. Chivomezi chachikulu chochitikira pansi kwambiri kapena kutali m'nyanja chingangogwedeza makapu, pamene chocheperapo chochitikira pansi pa mzinda chingagwetse nyumba. Choncho shindo imasiyana tauni ndi tauni, malinga ndi mtunda komanso mtundu wa dothi. Dothi lofewa la m'zigwa ndi malo okwiriridwa m'mbali mwa nyanja limagwedezeka kwambiri kuposa thanthwe.

Muyeso wa shindo uli ndi makwerero 10, kuyambira 0 mpaka 7, poti 5 ndi 6 anazigawa pawiri, yofooka ndi yamphamvu. Pa 3 mbale zimalira m'kabati. Pa 4 ogona ambiri amadzuka ndipo nyale zopachika zimalendewera uku ndi uku. Pa 5 yamphamvu munthu sayenda osagwirira kanthu. Pa 6 yofooka kuima kumavuta, pa 6 yamphamvu umangokwawa. Pa 7 munthu amatha kuponyedwa, ndipo ngakhale nyumba zolimba zina zimapendekeka. Kuyambira 1995 mpaka 2024, shindo 7 inachitika ka 7: ku Kobe, ku Niigata mu 2004, ku Miyagi mu 2011, kawiri ku Kumamoto mu 2016, ku Hokkaido mu 2018, ndi ku Noto.

Chodabwitsa n'chakuti mpaka mu 1996 shindo ankaiyeza ndi thupi la munthu. Wogwira ntchito pamalo oyezera zanyengo ankamva kugwedezekako, kuona mmene zinthu zagwera, n'kulemba nambala. Zimenezi zinatha ndi chivomezi cha ku Kobe cha pa 17 Januwale 1995, chimene chinabwera 5:46 m'mawa anthu ali m'tulo n'kupha anthu 6,434. Kuti atsimikize kuti madera ena anafika pa shindo 7, akatswiri anachita kuyendera mabwinja patapita masiku. Boma ku Tokyo linachedwa kuzindikira kukula kwa ngoziyo, thandizo nalo linachedwa. Kuchokera pamenepo dzikolo linadzala makina. Lero pali makina oyezera shindo oposa 4,000, ena a bungwe loona zanyengo la Japan Meteorological Agency, lodziwika kuti JMA, ena a makhonsolo. Bungwe lofufuza la NIED, la ku Tsukuba, linakumba zitsime pafupifupi 800 m'dziko lonse, motalikirana makilomita ngati 20, n'kutsitsiramo makina omva kugwedezeka, pansi pa mamita 100 kapena kuposa, kutali ndi phokoso la magalimoto. Amazitcha Hi-net. Palinso zipilala pafupifupi 1,300 zolandira uthenga wa masetilaiti, zoyeza mmene nthaka ikusunthira. Zimenezi n'zimene zinasonyeza kuti mu 2011 dera la Oshika linasunthira kum'mawa mamita oposa 5 n'kutsika kupitirira mita imodzi.

Uthenga wonsewu umathira ku maofesi a JMA ku Tokyo ndi ku Osaka, amene amagwira ntchito usana ndi usiku, kuti kwina kukagwa kwina kupitirize. Chivomezi chikafika shindo 3, pomatha mphindi imodzi ndi theka madera amene agwedezeka amakhala atalembedwa kale pamwamba pa kanema, mpira kapena sewero lili m'kati. Kenako pamabwera malo ake, kuya kwake, magnitude, ndi chiganizo chimene aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadikira: kaya kubwera tsunami kapena ayi.

Mpikisano wa mafunde ndi magetsi

Chenjezo la pa foni lija ambiri amaliyesa ulosi. Ayi ndithu. Likamalira, chivomezi chimakhala chitayamba kale, koma sichinafike pamene muli. Mwala ukang'ambika umatulutsa mafunde a mitundu iwiri oyenda m'nthaka. Oyamba, otchedwa P, amathamanga makilomita pafupifupi 7 pa sekondi koma ndi ofooka. Achiwiri, otchedwa S, amayenda makilomita ngati 4 pa sekondi, ndipo ndiwo amagwetsa nyumba. Zili ngati kung'anima ndi bingu: kuwala kumayamba kufika, kugunda kumatsatira. Makina a pafupi akamva mafunde oyamba aja, kompyuta imawerengera msangamsanga pamene chachitikira ndi kukula kwake, n'kutumiza uthenga pa nthambo ndi pa mlengalenga, umene umafika kutali mafunde owononga asanafike. Ntchito yonseyi imatheka popanda dzanja la munthu, chifukwa munthu angachedwe.

Dongosololi linayamba kufikira anthu wamba pa 1 Okutobala 2007. Chenjezo limaperekedwa kompyuta ikaona kuti kwinakwake kufika shindo 5 yofooka kapena kuposa, ndipo limapita kumadera onse oyembekezeka kufika pa 4. Masekondi 5 kapena 10 angaoneke ochepa kwa amene sanaganizepo bwino. Koma ndi okwanira kuti mayi achoke pafupi ndi mafuta owira, dokotala achotse mpeni pathupi la wodwala, wokwera pamakwerero atsike, ana a sukulu alowe pansi pa madesiki n'kugwira miyendo yake. Zikepe za m'nyumba zitalizitali zimaima pansanjika yapafupi n'kutseguka. Sitima zothamanga kwambiri za Shinkansen zili ndi makina akeake odula magetsi ndi kumanga mabuleki, ndipo pa chivomezi cha 2011 palibe wokwera ngakhale mmodzi amene anafa m'sitimazo.

Malire ake ndi owawa. Amene ali pamwamba penipeni pa chivomezi, omwe ndiwo ali pangozi yaikulu, ndiwo amene chenjezo limawapeza nthaka ikugwedezeka kale. Komanso makina amalakwa. Pa 8 Ogasiti 2013 mafoni analira m'dera lalikulu kuti ku Nara kwachitika chivomezi cha 7.8, sitima zinaima, koma kunalibe kanthu kotero: kachivomezi kakang'ono kanagundana nthawi ndi vuto la makina a pansi pa nyanja. Pa 5 Januwale 2018 kompyuta inatenga zivomezi ziwiri zing'onozing'ono, china ku Ibaraki china ku Toyama, n'kuziyesa chimodzi chachikulu. Mu 2013 muja akuluakulu a JMA anaima pamaso pa atolankhani, kupepesa, n'kufotokoza chimene chinalakwika. Ine ndimaona kuti kupepesa poyera koteroko n'kumene kumachititsa kuti anthu asasiye kulowa pansi pa tebulo foni ikalira. Chenjezo limene anthu asiya kulikhulupirira n'chimodzimodzi kulibe.

Mamita atatu

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Pa 11 Malichi 2011, nthawi ya 2:46 masana, pansi pa nyanja kum'mawa kwa Tohoku, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Japan, panang'ambika malo otalika makilomita pafupifupi 500 ndi 200 m'lifupi. Kung'ambikako kunatenga mphindi ngati zitatu. Chenjezo loyamba linatuluka patangopita masekondi osakwana 9 makina atamva, ndipo a mumzinda wa Sendai anapeza kanthawi kobisala. Mpaka apa zonse zinayenda.

Vuto linali pa tsunami. JMA inadziikira lamulo lakuti chenjezo la tsunami lizituluka pasanathe mphindi zitatu, ndipo inakwanitsa: 2:49 linali litatuluka. Koma pa mphindi zitatuzo mwala unali ukungomaliza kumene kung'ambika, ndipo njira yachangu yowerengera imene ankagwiritsa ntchito imalephera kusiyanitsa chivomezi chachikulu ndi chachikulu zedi. Inapereka 7.9. Nambala yeniyeni, imene anailengeza patapita masiku awiri, inali 9.0, mphamvu yochuluka pafupifupi ka 45. Makina ena amene akadathandiza kukonza nambalayo msanga anali atadzaza, ngati sikelo ya pagolosale imene mwaikapo thumba la chimanga. Potengera 7.9 uja, chenjezo linati ku Miyagi kubwera mafunde a mamita 6, ku Iwate ndi ku Fukushima a mamita 3.

Taganizirani munthu wa m'tauni ya Taro ku Iwate, kumene kunali khoma lotchinga nyanja lotalika mamita 10, lonyaditsa dera lonse. Wamva pa chimkuzamawu kuti kukubwera madzi a mamita 3. Kodi athawiranji? Ena m'matauni a m'mbali mwa nyanjayo anakwera pansanjika yachiwiri n'kukhala, ena anabwerera kukatenga achibale ndi katundu, ena anayamba kutola mbale zosweka. Pakadafunda padajiwitsa. Kenako panamvekanso kuti funde loyamba lafika pamalo ena lili masentimita 20 okha, zimene zinali zoona, koma zinakhazika anthu mitima pansi pa nthawi yolakwika. Itakwana 3:14, makina oyandama panyanja kufupi ndi Kamaishi ataona madzi akutukumuka, JMA inakweza manambala, ndipo cha m'ma 3:30 inawakwezanso kupitirira mamita 10. Pa nthawiyo magetsi anali atazima m'madera ambiri, makanema ali zii, ndipo m'malo ena madzi anali atalowa kale. Pena anakwera mtunda mpaka mamita pafupifupi 40. Anthu oposa 18,000 anafa kapena sanapezeke mpaka lero, ambiri mwa iwo chifukwa cha madzi.

Sikuti nambala ija yokha ndiyo inapha anthu onsewo. Koma JMA inavomereza kuti inachepetsa ngoziyo ndipo kuti zimenezi zinachedwetsa ena kuthawa. Kuyambira mu Malichi 2013, chivomezi chikaoneka kuti chingapose 8 ndipo kukula kwake sikunatsimikizike, chenjezo loyamba silitchula mamita. Limangoti kukubwera tsunami "wamkulu zedi" kapena "wamtali", potengera choipitsitsa chimene chingachitike m'dera limenelo. Funde loyamba likakhala laling'ono pamene lalikulu likuyembekezeka, satchula msinkhu wake, amangoti akuyezabe. Akatswiri amene moyo wawo wonse ndi manambala anafika povomera kuti pa mphindi zoyambazo nambala ikhoza kupha. Owerenga nkhani nawo anaphunzitsidwa kulamula, kusiya kupempha. Kufuula kwa mayi uja pa 1 Januwale 2024 kunachokera pamenepa.

Anasinthanso makutu awo. Mu 2011 makina ambiri anali pamtunda, pamene chivomezi chinali makilomita oposa 100 m'nyanja. Pambuyo pake anayala nthambo zotalika makilomita pafupifupi 5,500 pansi pa nyanja, kuchokera kufupi ndi Hokkaido mpaka ku Chiba, zokhala ndi malo oyezera 150. Dzina lake ndi S-net. Makinawo amamva kugwedezeka, komanso amamva kulemera kwa madzi a pamwamba pawo, moti tsunami akamadutsa amadziwika asanafike kugombe.

Ku Kumamoto phunziro linali la liwu limodzi. Usiku wa pa 14 Epulo 2016 kunachitika chivomezi cha 6.5, ndipo tauni ya Mashiki inafika shindo 7. Monga mwa chizolowezi, JMA inachenjeza za yoshin, tizivomezi totsalira timene timatsatira chachikulu. Liwu limenelo limamveka ngati choopsa chapita. Anthu ena anabwerera kukagona m'nyumba zimene zinali zitang'aluka kale. Patapita maola 28, nthawi ya 1:25 usiku wa pa 16 Epulo, kunabwera cha 7.3, chachikulu kuposa choyamba, ndipo nyumba zofooka zija zinagwa. Kuchokera chaka chimenecho, m'masiku oyamba JMA imapewa liwulo. Imangouza anthu kuti kwa sabata imodzi ayembekezere kugwedezeka kofanana ndi kumene amva, ndipo m'malo ena imawonjezera kuti kungabwere koposa.

Mphekesera zimathamanganso

Pali mdani wina amene makina samumva. Chivomezi cha pa 1 Sepitembala 1923 chitawononga Tokyo ndi Yokohama n'kupha anthu pafupifupi 105,000, kunafala bodza lakuti anthu a ku Korea okhala m'dzikolo akuthira poizoni m'zitsime ndi kuyatsa moto. Magulu a anthu anawasaka n'kupha ambirimbiri osalakwa. Masiku ano bodza limayenda pa foni. Ku Kumamoto munthu wina anaika pa Twitter chithunzi cha mkango ukuyenda mumsewu usiku, n'kunena kuti wathawa kumalo osungira nyama a mumzindawo. Chithunzicho chinali chojambulidwa ku South Africa. Ogwira ntchito kumaloko analandira mafoni oposa 100 pa nthawi imene aliyense anali ndi zogwira, ndipo munthuyo anamangidwa. Ku Noto kunabuka mauthenga abodza a anthu onamizira kuti apanikizidwa ndi nyumba, opulumutsa n'kumataya nthawi pa maadiresi opanda ngozi, pamene ena enieni akudikira pansi pa matabwa m'nyengo yozizira.

Mu 2025 mphekesera inakula mpaka kudutsa malire. Nkhani yochokera m'buku lina la zithunzi inafala pa intaneti kuti pa 5 Julayi kugwa tsoka lalikulu ku Japan. Alendo ambiri, makamaka a ku Hong Kong, anasintha maulendo, ndipo makampani ena a ndege anachepetsa maulendo awo. Mwatsoka, kuyambira pa 21 Juni tizilumba ta Tokara, kumwera kwa Kagoshima, tinayamba kugwedezeka mosalekeza, zivomezi zomveka m'thupi zinapitirira 2,000 m'masabata ochepa, ndipo pa 3 Julayi chilumba cha Akusekijima chinafika shindo 6 yofooka, anthu ena n'kusamutsidwa pa sitima ya pamadzi. Ofalitsa mphekesera anati si izi tinkanena. JMA inayankha mosapita m'mbali kuti sayansi ya lero singathe kutchula tsiku, malo ndi kukula kwa chivomezi chisanachitike, ndipo aliyense wotchula zimenezo akunama. Inawonjezera kuti ku Japan chivomezi chikhoza kubwera tsiku lililonse, choncho kukonzeka kusadikire tsiku lotchulidwa. Pa 5 Julayi tsoka lija silinabwere.

Kuvomera kuti sangalosere kunawatengera nthawi. Mu 1978 dzikolo linakhazikitsa lamulo lokhazikika pa chiyembekezo chakuti chivomezi cha m'dera la Tokai, kumwera chakumadzulo kwa Tokyo, chidzaonetsa zizindikiro masiku angapo chisanachitike, nduna yaikulu n'kulengeza, sitima n'kuimitsidwa. Patapita zaka pafupifupi 40, mu 2017, boma linasiya kudalira maganizo amenewo.

Chimene chinalowa m'malo mwake n'chovuta kuchifotokoza kwa anthu, ndipo chikukhudza ngozi imene dziko lonse likuiopa. Kumwera kwa Japan, pansi pa nyanja, kuli ngalande yaitali yotchedwa Nankai Trough, imene imatulutsa chivomezi chachikulu zaka 100 mpaka 150 zilizonse. Mu 1707 inang'ambika yonse kamodzi. Mu 1854 inang'ambika theka, theka lina n'kutsatira patapita maola pafupifupi 32. Komaliza kunali mu 1944 ndi 1946. Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti mbali imodzi ikasuntha, inayo ikhoza kutsatira posachedwa. Boma linalengeza mu Malichi 2025 kuti zitavuta kwambiri anthu okwana 298,000 akhoza kufa.

Pa 8 Ogasiti 2024 chivomezi cha 7.1 chinachitika kufupi ndi Miyazaki, kumapeto kwa ngalandeyo. Akatswiri anakumana madzulo omwewo, ndipo kwa nthawi yoyamba JMA inatulutsa uthenga wapadera wakuti mwayi wa chivomezi chachikulu wakwera kuposa masiku onse. Kukwerako kunali kochepa: mwa zochitika zotere mazana angapo, chachikulu chimatsatira pafupifupi kamodzi m'sabata imodzi. Anthu sanauzidwe kuthawa. Anauzidwa kupitiriza ntchito zawo, koma aonenso njira yothawira, amangirire makabati kukhoma, agone nsapato ndi chikwama zili pafupi. Nanga munthu wamba achite nazo bwanji zoterezi? Nduna yaikulu Fumio Kishida inalephereza ulendo wake wa ku Central Asia. Gombe lotchuka la Shirahama linatsekedwa pa nthawi ya tchuthi, mahotela anataya alendo, madzi a m'mabotolo ndi mpunga zinasowa m'masitolo ena. Pa 15 Ogasiti sabata inatha popanda kanthu, boma n'kuchotsa pempho lapaderalo, likukumbutsa kuti ngoziyo ikadalipo. Ena anati boma linaopseza anthu pachabe. Ine ndili kumbali ya amene amati linachita bwino kunena. Likadakhala chete, chinthu n'kuchitika, palibe akadalikhululukira, ndipo mabanja ambiri anayamba sabata imeneyo kudziwa kumene kuli malo awo othawirako. Chofunika kukonza ndi kafotokozedwe, kuti munthu amve kusiyana kwa "konzekani" ndi "thawani".

Tibwerere ku Noto, chifukwa kumeneko ngakhale makina a dziko lokonzeka chonchi anagonja. Gombe la kumpoto linatukuka mpaka mamita 4 m'malo ena, madoko n'kusanduka mtunda, maboti atakhala pamiyala. Makina oyezera msinkhu wa nyanja ku Suzu anatsala pouma, osayezanso kanthu, pa nthawi imene tsunami ankalowa m'midzi ya pafupi, ndipo m'malo ena anafika m'mphindi zochepa kwambiri. Uthenga wa makina ena a shindo sunafike chifukwa nthambo zinaduka, moti zoti mbali ina ya Wajima inafika pa 7 zinadziwika patapita masabata atatu. Misewu yopapatiza ya m'mapiri inagumuka, midzi yambiri n'kukhala yosafikika. Anthu oposa 200 anafera pomwepo, ambiri atapsinjidwa ndi nyumba zakale zamatabwa za madenga olemera, zomangidwa malamulo okhwima a kamangidwe a 1981 asanabwere. Amene anamwalira pambuyo pake chifukwa cha kuzizira, matenda ndi kutopa kwa moyo wa m'misasa, makamaka okalamba, anaposa chiwerengero chimenecho. Ku Japan imfa zoterezi amaziwerengera pa chivomezi chomwecho, ndipo chiwerengerocho chimakwerabe patapita miyezi ndi zaka.

Kumwera kuja akupitiriza kukonzekera. Mu 2025 anamaliza kuyala nthambo zina pansi pa nyanja, za N-net, kuchokera kufupi ndi Kochi mpaka kufupi ndi Miyazaki, zokhala ndi malo oyezera 36, kutseka mpata umene unatsala m'ngalande ya Nankai. Akuti zingafulumizitse kumva chivomezi ndi masekondi ofika 20, ndi kuona tsunami ndi mphindi zofika 20. M'chigawo cha Kochi chomwecho muli tauni ya asodzi yotchedwa Kuroshio, imene mu 2012 inauzidwa ndi boma kuti ingadzalandire funde la mamita 34, lalitali kuposa kwina kulikonse m'dzikolo. Okalamba ena atamva anataya mtima n'kunena kuti sadzavutika n'kuthawa. Akuluakulu a tauniyo anagawa ogwira ntchito awo m'midzi yonse, anayenda khomo ndi khomo kulemba kuti m'nyumba muno muli angati, ndani sangathe kuyenda yekha, adzadzera njira iti. Anakonza tinjira tokwera m'mapiri, ndipo m'malo athyathyathya, kumene phiri lili kutali, anamanga nsanja zachitsulo zothawirapo, yaitali kwambiri yoposa mamita 20. Pa masiku oyeserera, agogo amakwera makwerero a nsanjazo pang'onopang'ono, ana a sukulu atawagwira mkono, wina ali ndi wotchi m'manja kuwerenga mphindi.